Fulashi ya Mutu Wotembenuka

Achemwali anga anafika kwathu ku Chigumula m'mawa wina nyengo yozizira, akuyenda pang'onopang'ono ngati asenza ndowa yodzaza. Ana anawasiya ku Chitawira kwa amuna awo. Nkhope inali bwinobwino, yopanda kachilonda. Alamu angawo ndi munthu wa mu ofesi, kutchalitchi amatsogolera nyimbo, ndipo amadziwa pomenya: msana, nthiti, ntchafu, malo amene bulauzi ndi chitenje zimabisa.

Nditamva ndinagulula mpini wa khasu kuti ndikakwere nawo minibasi. Achemwali anakhala pansi pakhomo penipeni, nandiuza kuti ndikapita womangidwa ndikhala ine, alamu n'kusanduka olakwiridwa. Ukaliwo ndinakauthera pakhoma la bafa. Dzanja linatupa ngati mandasi.

Zopita kupolisi achemwali anakana. Kuchipatala anakananso, ati kumeneko kuli anthu a kutchalitchi kwawo. Anavomera chinthu chimodzi chokha, kuti ankhoswe akumane Loweruka. Koma aka sikanali koyamba. Ulendo wapitawo alamu anauza ankhoswe kuti anangowakankha pang'ono pokangana, ndipo amalume, amene ndi nkhoswe ya mbali yathu, anayang'ana nkhope yosalala ija n'kunena kuti abwerere kunyumba. Mwana wamkazi sangavule pamaso pa amalume ake kuti aone. Komanso pofika Loweruka zotupa zikanakhala zitaphwa. Panafunika zithunzi, msanga.

Amayi eni nyumba imene ndimachita lendi, mayi wamasiye wogulitsa masamba, anayesa kuwajambula ndi foni. Chipinda changa chili ndi kazenera kamodzi, ndipo zithunzi zinatuluka mdima wokhawokha. Atayatsa kanyali ka foni, anati khungu langonyezimira ngati lapakidwa mafuta, osaoneka kanthu. Khungu lathu lakuda limasunga chinsinsi cha womenya. Panja achemwali sakanatuluka, poti papoloti pathu makomo onse amayang'anana.

Kamera ndinali nayo. Anandisiyira mnzanga popita ku Joni, ndipo ndinkaigwiritsa mwa apo ndi apo, Loweruka ndikaweruka kosenza simenti ku Limbe: ana a nazale omaliza sukulu, zinkhoswe za panja, zinthu za padzuwa. Kanyali kake ka pamwamba kanafa kalekale. Ndinali ndisanafunepo fulashi, nyali ija imang'anima pojambula, ndipo ndinkadziwa kuti ndikagula izikhala m'chikwama miyezi osaigwira. Ndinkafuna yotchipa koma yoti igwire ntchito tsiku limenelo.

Ndinayambira kusitolo ina yaikulu m'tauni. Mnyamata wa tayi anatulutsa ya mubokosi, akuti imadziyezera yokha kuwala, mtengo wake lendi ya miyezi ingapo. Nditafunsa ngati ilipo yocheperapo, anayang'ana fumbi la simenti pa buluku langa n'kundiuza kuti ndikayese kumsika. Zimene ndinamuyankha sindingalembe pano. Mlonda anandiperekeza mpaka pamsewu.

Ku Limbe, pa kaunjika wa zamagetsi, ndinapeza yaikulu yachikalekale pakati pa machaja ndi marimoti. Ndinaikamo mabatire anga, inalira kamawu kake kaja, inang'anima kamodzi, basi. Mwini wake anati yangozizidwa, ndiiike padzuwa. Nditatsegulanso malo a mabatire n'kuyang'anitsitsa, munali mobiriwira, mowola. Ndinamuponyera pamulu pomwepo.

Kenako wina anandilozera kakhonde kena kopapatiza, kwa bambo wokonza mafoni ndi makamera. Anali ndi fulashi ziwiri, zonse za ku China. Ina kakang'ono, kotchipa kwambiri, koyang'ana kutsogolo kokha. Inayo yokulirapo, yogwiritsidwapo kale, mutu wake wotembenukira m'mwamba ndi m'mbali, mphamvu yake yochita kutchera wekha. Ndinagwira kakang'ono kaja. Bamboyo anandifunsa chimene ndimajambula, ukwati kapena maliro. Ndinati mabala. Anayang'ana dzanja langa.

"Ndiye inuyo amwene ndinu omenya kapena omenyedwa?"

Ndinangoti ndi za achemwali anga. Anasiya kuseka, nanditenga dzanja lotupa lija n'kuliika patebulo. Anaika kakang'ono kaja pakamera yanga, najambula: dzanja linatuluka loyera mbee, losalala, ngati la munthu wina. Anaika inayo, anapotoza mutu kuloza kukhoma la laimu, najambulanso. Kuwala kunabwera cham'mbali. Chotupa chinali ndi mthunzi wake, ndipo pamene magazi anaundana panaoneka kuda kwake kosiyana. Ndalama zanga sizinakwane, ndiye ndinawonjezera foni yanga pamwamba.

Ndisanatuluke ndinamuuza vuto lina, kuti wojambula sindikhala ine. Mlongo saona thupi la mlongo wake. Adzajambula ndi mayi amene sanagwirepo kamera. Bamboyo anatchera zonse, mphamvu ya fulashi ndi za pakamera, n'kumata mabatani onse ndi selotepi kusiya limodzi lokha.

Kunyumba khoma ndi la njerwa zosapaka, denga malata opanda siling'i, ndiye ndinakhomera shiti yoyera pakhoma n'kulozetsa fulashi pamenepo. Ndinawaonetsa amayi aja poima ndi podina, ndinawauza kuti azidikira kanyali kofiira kayake asanadinenso. Kenako ndinatuluka, ndinatseka chitseko, n'kuima chofulatira.

Unali masana, ana a papoloti akusewera fulaye. Kuwala kunkatulukira pansi pa chitseko n'kundimenya m'zidendene. Ndinkamva fulashi ikulira podzaza mphamvu, kenako chete, kenako kuwala. Poyamba amayi aja ankalankhula, akudandaula kuti chinthuchi n'cholemera ngati mtondo. Kenako ndinamva akuti "mwanangu", ndipo anangopitiriza kudina mpaka kumaliza.

Anatuluka n'kunena kuti zaoneka. Sindinakhulupirire, poti maso awo ndi okalamba ndipo galasi la kamera ndi laling'ono. Ndinafunsa achemwali kudzera pachitseko ngati ndingayang'ane. Anati ndione cha msana chokha. Ndinaona. Mizere inali yopingasana kuchokera paphewa kufika m'chiuno, ndipo m'malo angapo chitsulo cha lamba chinadinda maonekedwe ake onse, makona anayi ndi kabowo pakati. Fulashi ija inagwira ntchito yake bwino kwambiri. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukasanza.

Kusitudiyo ndinasankha kumene kunali mtsikana pa kompyuta. Ndinamupempha kuti asayang'ane, iye anati makina satsuka okha. Atamaliza anaika zithunzizo mu envulopu, anamata ndi sitepula katatu konse, osandiyang'ana kumaso.

Loweruka tinakumana kwa amalume ku Chinyonga. Alamu anabwera ndi achimwene awo ndi azakhali awo, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Anayamba ndi pemphero, ndipo wopempherayo anali alamu omwewo. Kenako ananena zomwe zija, kuti m'nyumba anthu amasemphana, kuti anangowakankha. Ndinaika envulopu patebulo mwamphamvu mpaka makapu anagwedezeka. Amalume anandiuza kuti munthu wosakwatira sayankhula pa nkhani za banja, ndipo envulopuyo sanaigwire n'komwe. Anadziwa zimene zinalimo, ndipo maso awo sakanaloledwa kuziona.

Achemwali anali pamphasa, mutu pansi. Anayankhula motsitsa.

"Apatseni azakhali awo."

Azakhali aja anatenga envulopu n'kulowa kuchipinda ndi akazi a amalume. Ife tinatsala tikumva wotchi ya pakhoma. Alamu ankapukuta magalasi awo ndi mpango. Atatuluka, azakhali aja sanabwerere pampando wawo, anakakhala pamphasa pafupi ndi achemwali. Anayang'ana alamu, mwana wa mlongo wawo, m'chiuno.

"Lamba wake ndi yemweyu wavalayu?"

Achimwene a alamu anayamba kunena za satana, azakhali anawadula ndi dzanja.

Ndinaganiza kuti tapambana. Chigamulo chinali chakuti achemwali akhale kwathu kaye mpaka mtima utatsika, alamu apepese ndi kukaonana ndi akulu a mpingo. Alamu anagwada n'kupepesa, bwinobwino, ngati mmene amaimbitsira nyimbo. Koma ana anati atsale ku Chitawira chifukwa cha sukulu. Ndinaimirira kuti nditsutse, amalume anandiuza kuti ndikadikire panja.

Achemwali anakhala nane mpaka mphepo yozizira inatha. Ankagona pabedi, ine pansi. Mabala anapola. Madzulo aliwonse ankabwereka foni ya amayi eni nyumba kuimbira ana, ndipo wamng'onoyo ankangolira osayankhula. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza chikwama chawo chili pakhomo. Ndinakalipa, ndinamenya chitseko, ndinawafunsa kuti zonse zija tinavutikiranji. Anandisiya mpaka mawu atandithera, kenako anandipempha kuti ndiwanyamulire chikwama kukafika pasiteji.

Ndinanyamula chikwamacho, tinapita. Minibasi itaima, anandigwira mkono.

"Zithunzi zija usafufute mukamera. Ndipo chinyali chako chija usagulitse."

Mpando unali wodzaza kale. Kondakitala anawauza kuti alowe asunthirana, nawakankha ndi chikhatho pamsana. Ndinaona mapewa awo akudzidzimuka, kenako anawerama n'kulowa.