Anaboola Khutu Lamanzere, Linagontha Lamanja

Khutu langa lamanzere linayamba kutuluka mafinya ndili mtsikana, ndipo ndinakula nalo ngati chinthu wamba. Ndinkangotsekapo ndi thonje n'kuphimba ndi duku. Nditayamba kuphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina kufupi ndi Mbulumbuzi, ana ndinkawatcherera khutu lamanja, chifukwa linalo linali litasiya kale kumva bwino.

Zinthu zinafika poipa m'nyengo yokolola nandolo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mafinya anayamba kununkha, nthawi zina kutuluka ndi magazi. Mutu unkandiwawa mbali imodzi ndipo kuseri kwa khutu kunatupa. Tsiku lina ndikulemba pabolodi ndinachita chizungulire, moti ndinagwira desiki kuti ndisagwe. Amuna anga, bambo a Chisomo, ananditengera kuchipatala chaching'ono panjinga. Mankhwala amene ndinalandira sanathandize. Ananditumiza kuchipatala cha kuboma, ndipo akubomako ananditumiza ku Blantyre.

Dokotala wa makutu sankapezeka masiku onse. Tinkalawirira minibasi, kukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuuzidwa kuti tidzabwerenso. Tsiku limene tinakumana nawo, adokotala anandiunika m'khutu kwa nthawi yaitali.

"Mayi, matendawa adya fupa la kuseri kwa khutu," iwo anatero. "Tikachedwa afika ku ubongo. Tiyenera kuboola fupalo n'kuchotsa zonse zowola."

Ndinagonekedwa m'chipatala, ndipo achemwali anga, a Esinati, anabwera kudzandidikirira. Patsiku la opaleshoni anandimeta mbali imodzi ya mutu, anandiletsa kudya, kenako anandigoneka tulo ndi mankhwala.

Nditatsitsimuka, mutu unali wokulungidwa ndi bandeji. Bedi linkakhala ngati likuyendayenda ndipo ndinasanza kangapo. M'mutu munkalira phokoso ngati la nyenje m'chilimwe, osaleka. Zimenezi ndikanapirira. Chimene chinandiopsa n'chakuti achemwali atawerama kundilankhula, ndinaona milomo ikugwedezeka koma mawu ankamveka kutali, ngati ali m'chitsime. Khutu lamanja, lomwe palibe analikhudza, linali litagontha nalo. Ndinaganiza za ana anga a m'kalasi, amene amayankha ndi timawu tapansipansi. Mphunzitsi wosamva angawaphunzitse bwanji? Ndinalira mpaka bandeji inanyowa.

M'mawa mwake adokotala anabwera ndi kachitsulo kamphanda. Anakamenya, n'kukaika pamphumi panga ndi kuseri kwa khutu, akundifunsa kumene ndikumva kulira kwake. Kenako anayandikira n'kulankhula mokweza.

"Makina amene tinaboolera fupa aja amasokosera kwambiri komanso amanjenjemeretsa fupa. Chigaza n'chimodzi, choncho kunjenjemerako kumakafika mkati mwenimweni mwa khutu linalo. Kwa anthu ambiri kumva kumabwerera. Tiyeni tidikire."

Mawu akuti "ambiri" sanandikhazike mtima pansi, pakuti ambiri si onse.

Masiku a m'wodi anali ofanana. Anamwino ankabwera kudzatsuka bala ndi kundibaya jakisoni, ndipo masana ndinkaphunzira kuyenda nditagwira khoma, achemwali atandigwira dzanja. Chizungulire chinayamba kuchepa, koma khutu linali chimodzimodzi. Ponditulutsa anandilangiza kuti ndisapite kuchigayo, ndisayandikire wailesi yokweza, ndiponso madzi asalowe pabalapo.

Kunyumba ndinakhala milungu ingapo mwamantha. Ndikadzuka ndinkatikita zala pafupi ndi khutu kuti ndione ngati ndimve kanthu. Alendo akabwera kudzandizonda ndinkangogwedeza mutu, osadziwa chimene ndikuvomera. Kutchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa nyimbo zinkangomveka ngati chimkokomo. Bambo a Chisomo anasiya kundiitana ali kutali; ankabwera n'kundigwira paphewa.

Tsiku lina masana ndinagona m'chipinda, amuna anga ndi achemwali atakhala pakhonde. Ndinamva achemwali akufunsa motsitsa mawu.

"Alamu, nanga akapanda kumvanso, ntchito ija ithera pomwepa?"

"Ikatha yatha," anayankha amuna anga. "Tizilima. Bola ali moyo."

Poyamba ndinaopa kuti mwina ndikulota. Kenako ndinakweza mawu. "Ndikukumvanitu!"

Achemwali analowa akuthamanga, chitenje chili m'manja, n'kuyamba kundinong'oneza mayina a abale athu mmodzimmodzi kuti ndibwereze. Ena ndinawaphonya, koma ambiri ndinawamva.

Teremu yotsatira ndinabwerera m'kalasi. Lero khutu lamanja limamva bwinobwino. Lamanzere linauma, silitulukanso kanthu, koma limamva pang'ono chabe, ndipo ndikatopa phokoso lija limabweranso. Paulendo womaliza adokotala anandiuza kuti ndikanapita ndili mtsikana, mwina mankhwala okha akanakwanira, osafika pobooledwa fupa.

Ngati khutu lanu kapena la mwana wanu likutuluka mafinya, musalizolowere ngati mmene ndinachitira ine. Pitani kuchipatala lisanayambe kununkha, ndipo akakuuzani kuti mudzabwerenso, bwererani.