Makina Anati a Muhiwa Ali Bwino

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kukwaya. Nditamaliza sekondale ndinakhala pakhomo ku Zingwangwa zaka zingapo, ndikugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera mpaka nkhope inada ngati mphika. Tsiku lina mayi wina amene tinkaimba naye, namwino, anandinong'oneza kuti bungwe lina la zaumoyo likufuna achinyamata oti aziyeza mitima ya anthu achikulire m'makomboni. Ndinamuuza kuti ine magazi ndimaopa. Anaseka n'kunena kuti ntchitoyo ilibe magazi ngakhale dontho. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye ndinapita.

Anatiphunzitsa a Sisitala Kachingwe, mayi wamfupi, wosaseka ndi waulesi. Matenda amene tinkafufuza madokotala amawatchula mwachidule kuti AF. Zipinda zam'mwamba za mtima zimayamba kunjenjemera m'malo mopopa bwinobwino, magazi amachedwa mmenemo n'kuundana, ndipo kachibuluma kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amagwa sitiroko. Ambiri samva chilichonse mpaka tsiku logwalo. Akapezeka msanga, kuchipatala amawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana.

Kachida kathu kanali kakang'ono, kotalika ngati chipeso cha m'thumba, kokhala ndi tizitsulo tiwiri. Munthu amakhala pansi, zigongono patebulo, n'kuika zala ziwiri za dzanja lamanja pa kachitsulo kena, ziwiri za lamanzere pa kenako. Asalankhule, asatsokomole. Kwa theka la mphindi foni imajambula mizere ya kugunda kwa mtima, kenako imapereka limodzi mwa mayankho atatu: mtima ukugunda bwino, mwina pali AF, kapena sizikuwerengeka. Zala zikakhala zouma kapena zamafuta tinkazipukuta ndi thonje la sipiriti. Mizere yokayikitsa tinkaitumiza kwa dokotala, munthuyo n'kumutumiza kuchipatala chachikulu.

Panali chinthu chimodzi chimene a Sisitala ankabwereza mpaka tinkachita kuwayeseza kuseri. “Matendawa amabwera n'kupita. Makina akanena kuti bwino, akunena za nthawi imene zala zili pachitsulo basi.”

Ine anandiika ku Ndirande, pakhonde la holo ya tchalitchi china. Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Agogo obwera kudzayezetsa ankanditchula adokotala, ine osawaletsa. Koma ndinazindikira msanga kuti anthu akwathu kuyezetsa anakuphunzirira pa magazi. Zaka zonsezi akhala akulowa m'kachipinda mtima uli m'mwamba, n'kutuluka ndi yankho limodzi mwa awiri, kachilombo uli nako kapena ulibe. Wopezeka alibe amapuma, nkhani yatha. Ndiye akamva kuti mtima ukugunda bwino, zotsalazo sankazimvanso, ankayamba kufunafuna ndodo yawo.

A Muhiwa anabwera atachita kukokedwa ndi akazi awo. Anali bambo wamkulu thupi, wokhoma mbaula ndi ndowa kumsika, wanthabwala moti mzere wonse unkangoseka. Mayi Muhiwa ndiwo anafotokoza vuto. Amuna awo ankamwa mankhwala a bipi, koma nthawi zina mtima unkawathamanga mosalongosoka, iwo n'kusiya nyundo, kukhala kaye pansi. Bambowo anati zimenezo n'zaukalamba chabe, ndipo mankhwalawo ndi amene akuwatopetsa, chifukwa amawakodzetsa pafupipafupi pamene chimbudzi cha kumsika chili kutali.

Zala zawo zinali zolimba ngati zipalapasiro za nkhuku yakale. Kawiri konse foni inati sizikuwerengeka. Ndinazipukuta ndi sipiriti, n'kuwapempha kuti asiye kaye nthabwala. Kachitatu mizere inayenda mwadongosolo, yotalikirana mofanana, yokongola ndithu. Yankho linali lakuti mtima ukugunda bwino.

Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali atawerenga kale nkhope yanga. Anaimirira n'kutembenukira kumzere.

“Ndilibe! Makina anena okha, ndili fiti.”

Anthu anawomba m'manja, mayi wina mpaka nthungululu. Ndinawagwira malaya kuti akhalenso pansi. Ndinawauza zonse monga tinaphunzirira, kuti matendawa amabisala, kuti abwerenso nthawi imene mtima ukuthamangawo, kuti mankhwala a bipi asasiye chifukwa kachida kameneka sikayeza bipi. Ankagwedeza mutu mwaulemu, maso ali kwa anzawo.

“Bambo a Limbani, linda madzi apite ndiye uziti ndadala,” anatero akazi awo.

“Mayi ako awa akufuna ndidwale kuti azindilamula,” anandiuza bambowo akuseka.

Mayiwo anatsalira pang'ono n'kupempha nambala yanga ya foni. Miyezi iwiri kapena itatu inadutsa. Anandiimbira kamodzi kundiuza kuti amuna awo asiya mankhwala, akuti munthu amene makina anamupeza alibe samwanso mapiritsi. Ndinapita kumsika kukawachonderera kuti ndiwayezenso. Anandilandira bwino, kundigulira chimanga chootcha, koma zala anakana. Anati kuyezetsa kawiri n'kuitana matenda.

Tsiku lovutalo linali Lachiwiri, mvula itagwa usiku wonse. Ndinali ndikungoyala nsalu patebulo pamene foni inalira. Mayi Muhiwa sanapereke n'komwe moni.

“Mwanangu, bwera ndi makina aja. Bambo ako sakulankhula bwino.”

Ndinauza a Sisitala. Anandifunsa ngati pakamwa papotoka, ngati mkono wagwa. Nditawafunsa mayiwo, anati inde, zonse ziwiri. A Sisitala anati imeneyo ndi sitiroko, makina sathandiza kanthu, wodwalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Galimoto ya bungwe inali ku Chilomoni, anaiitanitsa, ine n'kundituma kuti nditsogole wapansi ndikawakonzekeretse.

Nyumba yawo inali kumtunda, kumene galimoto sifika, njira yake yoterera pakati pa mipanda ndi ngalande. Ndinapeza bambowo atagonekedwa pamphasa pabalaza, azimayi oyandikana nawo atazungulira, wina akuwasisita mkono ndi mafuta. Anagwa mbandakucha pochokera kubafa, ndipo pamene ine ndinkafika dzuwa linali litakwera kale. Ndinafunsa chifukwa chake sanathamangire nawo kuchipatala. Mayiwo anati ankadikira akulu awo a bambowo ochokera ku Chirimba, chifukwa mkazi sangangonyamula mwana wa eni ake, zikakavuta kumeneko adzayankha chiyani. Ndinakwiya, koma ndinameza. Sinali nthawi yake.

A Muhiwa anandizindikira. Diso limodzi linkandiyang'ana, pakamwa patakokekera kumbali, dovu likutsika. Anayesa kulankhula koma chinatuluka ndi phokoso chabe. Munthu amene ankaseketsa mzere wonse uja. Ndinachita mantha kwambiri.

Pamene amuna a m'deralo ankamasula chitseko choti awanyamulirepo, a Sisitala anandiimbira foni n'kunena kuti ngati n'kotheka ndijambule mizere, madokotala akaione, bola ndisachedwetse ulendo. Dzanja lamanzere bambowo anaika okha pachitsulo. Lamanja linkangotsetsereka n'kugwera pamphasa. Ndinapempha mayiwo kuti aligwire pamkono, osakhudza chitsulo, ine n'kupanikiza zalazo pamwamba ndi chitenje chopinda. Mizere inayamba kuyenda, iwiri yothithikana, kenako mpata, kenako itatu yothamangitsana. Sindinafunike kudikira yankho la foni.

“Akuti bwanji?” anafunsa mayiwo.

Ndinawauza kuti matenda aja apezeka.

Tinatsika nawo pachitseko, amuna anayi akuterereka m'matope, ine ndikugwira mutu kuti usagwedere. Akulu awo aja tinakumana nawo panjira, akukwera, ambulera ili m'manja. Kuchipatala madokotala anachita zimene akanatha. Anati maola ofunika anali atapita kale. Sanathe kunena motsimikiza ngati chinawagwetsa ndi kachibuluma kochokera mumtima kapena bipi imene inakwera atasiya mankhwala. Moyo unatsala, koma mbali yamanja sinadzukenso, ndipo mawu sanabwerere.

Madzulo ake ndinakhala ndi Mayi Muhiwa pabenchi kunja kwa wodi. Sanalire. Ankangopinda ndi kufunyulula kansalu kamene ankawapukutira pakamwa. Kenako analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

“Sindikukunena iwe, mwanangu, unawauza ndili pompo. Koma ndikanapanda kuwakokera kumakina ako, bwenzi akumwabe mankhwala awo, akudandaula koma akumwa.”

Ndinalira m'minibasi njira yonse yobwerera ku Zingwangwa. M'mawa mwake ndinauza a Sisitala kuti ndikusiya ntchito. Anati pamzere pali anthu ena amene makinawo awapeza nthawi isanathe, ndipo ndikachoka ine adzawayeza ndi munthu amene sanaone zimene ndaonazo. Ndinatenga thonje langa n'kukakhala patebulo.

Ntchito ya zaumoyo ndikugwirabe. Chimene ndinatenga ku Ndirande n'chakuti yankho loipa silivuta kupereka, chifukwa munthu wamantha amamvetsera. Loopsa ndi labwino. Kuyambira nthawi imeneyo ndimayamba ndafotokoza zonse munthu asanaike zala pachitsulo, ndimamufunsa mankhwala amene akumwa, ndipo yankho ndimalipereka pambali, popanda anthu owomba m'manja. Ena amanyansidwa, amati mayi ameneyu safuna kuti munthu asangalale. Ndimawalola anditero. Ndinaonapo munthu akuchoka patebulo panga ali wosangalala kwambiri, ndipo akazi ake akumusambitsa mpaka lero.