Ndege ya Chiwale

Yachitatu inagwa chamutu. Ndinaiponya ndili pachulu, inakwera pang'ono, n'kuima m'mwamba ngati yaiwala kanthu kunyumba, kenako inazika mphuno mumchenga. Phiko lamanzere linathyoka.

"Yatera bwino, alamu!" anakuwa mlongo wa mkazi wanga. "Okwera onse atsike!"

Anzathu osema ziboliboli anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinatola zidutswa.

Ndasema ziboliboli ku Nkopola zaka zambiri. Mvuu, ng'ona, mipando, bawo. Ndege nazonso ndinkasema, za mlombwa, zopaka polishi mpaka kuwala. Benchi yanga inali yoyamba pageti la loji, pamthunzi. Mlendo akatuluka ankayamba kuona zanga. Ya mlamu wangayo inali kumapeto, padzuwa. Malo angawo ankawasirira.

Nkhani inayamba ndi woyendetsa ndege wina, Mmalawi mnzathu, yemwe ankabweretsa alendo pa kandege kakang'ono. Tsiku lina ananyamula ndege yanga imodzi, n'kuiyesa kulemera kwake m'dzanja.

"Ndi yokongola, bambo. Koma uwu ndi mwala wamapiko."

Zinandiwawa.

"Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi," ndinatero. "Zouluka n'za ophunzira."

"Amene anayamba kuulutsa ndege ya injini anali anthu awiri apachibale, okonza njinga," iye anatero. "Ndege yawo inali ya matabwa, nsalu ndi mawaya. Ankayang'ana mbalame, n'kumayesa, n'kumagwa."

Ananjuta n'kujambula pamchenga ndi chala. Phiko pamwamba likhale lokhota ngati msana wa chambo, pansi lafulati, kutsogolo lonenepa, kumbuyo lopyapyala. Lipendeke pang'ono. Mphepo ikalidutsa imakankhidwira pansi, phikolo n'kukwera. Mchira ntchito yake n'kuwongola. Anasasa m'manja n'kumapita.

Nditanena kuti ndisema youluka, mlamu wanga anawomba m'manja.

"Ichoke pachulu cha kuseri kwa golo, idutse mzere wapakati pa bwalo la mpira. Lachisanu lomaliza mwezi uno. Ikakanika, benchi yanu ibwere kudzuwa, yanga ipite pageti."

"Ikauluka?"

"Ndidzakunyamulirani katundu m'mawa uliwonse, chaka chathunthu."

Tinagwirana chanza pamaso pa anthu.

Yoyamba ndinasema ya mlombwa, ndinangoipepuza. Inagwa ngati khasu. Yachiwiri ya thabwa la paini. Chimodzimodzi. Vuto linali ine. Kwa ife osema, mtengo wabwino ndi wolemera. Wopepuka timati ndi nkhuni. Dzanja langa linkakana kugwira mtengo wachabe.

Ndiye ndinakumana ndi munthu wogulitsa zitseko za chiwale, atasanjikiza zinayi panjinga. Anatsitsa chimodzi ndi dzanja limodzi. Ndinam'pempha zotsala zake. Mkati mwa chiwale ndi mofewa, mopepuka ngati chitsononkho chouma. Mpeni umangoyenda. Yachitatu inali ya chiwale, ndiyo inagwa chamutu ija. Kupepuka inapepuka, koma kuuluka ayi. Panatsala masiku asanu.

Kunyumba mkazi wanga sanabise.

"Mwezi wathunthu osasema chogulitsa. Tidya ndege?"

"Idzauluka."

"Mukataya malo aja chifukwa cha chidole, musadzandiuze kuti ndikalankhule ndi achimwene."

M'mawa mwake ndinapita kudoko. Ndinakhala pamwala, osaganiza kanthu. Asodzi awiri ankapakira ukonde m'bwato. Wina anaunjika wonse kumbuyo. Bwato linadzutsa mphuno.

"Iwe, sendeza kutsogolo!" anakalipa mkulu wawo. "Ukufuna tiyende choimirira?"

Ndinaimirira. Ndege yanga inkachita zomwezo. Kumchira kunkalemera, mphuno inkadzuka, liwiro n'kutha, basi n'kugwa. Ndinapempha mkuluyo kamtovu kamodzi ka paukonde. Anandipatsa osafunsa.

Yachinayi ndinaisema masiku atatu. Mapiko kutalika ngati mkono wanga, kuyambira paphewa mpaka kuchala. Ndinawadzutsa pang'ono kunsonga, monga ichitira nkhwazi ikamayandama osakupiza. Mtovu ndinaukhoma kumphuno. Kenako ndinaika zala ziwiri pansi pa mapiko, chakutsogolo pang'ono, n'kuona ngati ikhala bata. Inagwera kumphuno. Ndinapala mtovu. Inagwera kumchira. Ndinamatapo kachidutswa. Ndinachita zimenezo mpaka inakhala phee pazala zanga. Polishi sindinapake. Polishi nayenso ndi katundu.

Sindinaiyese pachulu. Ndinkaopa kuthyola. Ndinangoiponya kawiri kuseri kwa nyumba, pa udzu. Inatsetsereka bwino mpaka pampanda.

Lachisanu, anthu atatuluka kumzikiti, anabwera kubwalo ndi mikanjo yawo. Akabaza anaimika njinga zamoto m'mbali. Amayi ogulitsa usipa anatula madengu. Mkazi wanga anaima patali, manja m'chiuno.

Mlamu wanga anaiyang'ana ndegeyo, yotuwa mbuu, yopanda mawindo, yopanda matayala.

"Alamu, ichi ndi chitseko cha khola la nkhunda. Zaka zonsezi mukusema, mathero ake ndi amenewa?"

Kunali kamwera kozizira, kochokera kutsogolo, kondiomba kumaso. Mlamu wanga anakondwa.

"Ngakhale mphepo yakukanani. Dikirani itembenuke, tisadzamve zifukwa."

Sindinadikire. Kandege ka woyendetsa uja ndinakaona kambiri kakunyamuka. Nthawi zonse kankaloza komwe mphepo ikuchokera.

Ndinakwera pachulu. Ndinapukuta manja pa buluku. Sindinaponye mwamphamvu ngati mwala. Ndinangoikankha, mphuno ili chowerama pang'ono, n'kutsegula zala.

Inatsika. Kenako mphepo inalowa pansi pa mapiko, ndege n'kukwera. Inadutsa pamwamba pa golo. Inapendekera kumanja, n'kudziwongola yokha. Inkapita osafulumira, osagwedera, mthunzi wake ukuyenda pansi. Bwalo lonse linati zii. Inadutsa mzere wapakati ili pamwamba pa mitu ya anthu. Inapitirira. Inakatera chamimba pafupi ndi golo linalo, n'kutsetsereka pang'ono, n'kuima.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Akabaza analiza mahutala. Amayi analuluta, ndipo nthungululu ya mkazi wanga ndinaizindikira pakati pa zonse. Mkulu wina wa ndevu zoyera ankangoti, "Mashaala, mashaala," atagwira kofia kuti isagwe.

Ndinatsika pachulu n'kudutsa bwalo. Anthu ankandipatsa njira. Ndinainyamula ndege yanga. Panalibe pothyoka.

Mlamu wanga anandipeza akupuma wefuwefu.

"Alamu, paja ife ndi pachibale. Zija tinkangocheza, eti?" Anandiyang'ana kumaso. "Chabwino. Katundu wanuyo ndi mabokosi angati?"

Ndinauzira pamapiko kuchotsa mchenga, ndinaiika ndege kukhwapa, n'kumapita.