Dzina Lotulukira pa Zenera

Mwana wanga woyamba anabadwa tili ku Matero, masiku a Federeshoni, m'nyumba ya kanselo ya tauni, ya zipinda ziwiri. Ndinali wamanyazi kwambiri. Mlendo akafika ndinkamupatsa moni maso ali pa zala za kumapazi.

Tsiku lachinayi ndili m'chikuta, kunabwera bambo wa inshuwalansi pa njinga, tayi ili m'khosi dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga ankatsitsa katundu ku njanji, ndipo mnzawo atapsinjidwa ndi bokosi, iwo anaganiza zolembetsa inshuwalansi. Chinatsala n'kutchula wodzalandira ndalamazo iwo akadzamwalira.

Anakhala panja, pansi pa zenera langa, poti mwamuna salowa m'chikuta. Alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene anachokera ku Katete kudzandithandiza, anakoka mpando osaitanidwa.

"Lembani mwana wanga wamwamuna," anatero alamu. "Kwathu chuma cha malume chimapita kwa mphwake. Kapena tauni yakuiwalitsa, iwe?"

"Ba sisi, naine nili na mwana manje," amuna anga anayankha, mawu ali pansipansi.

"Ali na dzina? Mchombo sunagwe."

Wa inshuwalansi anatsokomola. "Pepala sivomera 'kakhanda', bosi. Vinthu ivi vifuna dzina. Nikachoka pano pepala yayenda ku ofesi yaikulu."

Ndinamva akutsekula cholembera. Amuna anga sanakanepo mawu a mlongo wawoyo chiwaberekereni kumsana. Ndinayang'ana kamtsikana kanga kali mtulo pamphasa. Otcha dzina anayenera kukhala alamu omwewo, ndipo ndinaona kuti sakufulumira. Ndinakwawa mpaka pazenera, n'kutseka maso, n'kufuula dzina lenileni la alamu, lomwe ndinali ndisanalitchulepo chikwatiwireni.

Mpando unagwa.

"Ndani uyo anitchula monga tinavinidwa limodzi?" anakalipa alamu.

"Si imwe, mulamu," ndinatero. "Ni mwana. Ndiye dzina lake."

Ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kusinja.

"Dzina langa?" alamu anafunsa. Kenaka nthungululu inamveka mpaka kumpopi. "Lembani, bambo! Muyembekeza chani? Uyu ni ine!"

"Nanga mphwanga, ba sisi?" amuna anga anafunsa mosamala.

"Uja ali na manja, azalima."

Wa inshuwalansi analemba dzinalo, ndipo pambali anawonjezera kuti mwana wamkazi, wa masiku anayi. Alamu anaima kumbuyo kwake n'kumamuuza kuti akulitse zilembo, chonsecho sankadziwa kuwerenga. Ine ndinabwerera pamphasa n'kudzifunditsa chitenje kumutu, ndipo tsiku lonselo sindinayang'anenso munthu kumaso.

Mchombo unagwa patapita masiku awiri, dzina lili kale ku ofesi. Mwanayo anakula, n'kutenga dzina la azakhali ake pamodzi ndi pakamwa pawo pomwe. Mpaka lero alendo akabwera, amene amayankha ndi iyeyo.