Supuni ya Mpiru ya Aneba Anga

Sindikudziwa ngati ndiwafotokoza bwino aneba anga, koma ndiyesa. Bambowa amaitanitsa mpiru wopera wa m'mabotolo, wowawa ngati tsabola, kuchokera kunja, chinthu chimene anthu kuno sanachizolowere. M'mawa uliwonse amalowa m'galaja n'kuwerenga tsiku lothera ntchito pa makatoni, ngati kuti lingasinthe. "Mdani wanga ndi kalendala," amatero.

Mwezi watha, tsikulo litayandikira, anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mayi wina, mwini golosale yaikulu. Mayiwo akanakana, makatoni onse akanatayidwa.

Mayiwo ananunkhiza botolo n'kukwinya nkhope. "Bambo, inuyo mumadya zimenezi?"

Akazi a anebawo anali atandinong'oneza kale kuti amuna awo sanalawepo n'kamodzi komwe. Koma iwo anatapa supuni yodzaza n'kumeza. Misozi inangoti mbwembwembwe.

"Mukulira?" anafunsa mayiwo.

"Ndi umboni, mayi, woti ndi weniweni," anayankha akutsokomola.

Mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bweretsani onse. Koma Loweruka lililonse muzibwera kudzalawa pamaso pa makasitomala anga."

Lero ndi Lachisanu. Ndawaona akuyanika mipango itatu yopukutira misozi pachingwe, ndipo sanandipatse moni.