Mawondo a Mayi Telala

Akhristu anzanga, andipempha kuti m'kalata ya parishi ya mwezi uno ndilembe za mayi wathu amene tawaika m'manda posachedwapa, amene tonse tinkangowatchula kuti Mayi Telala. Ndavomera chifukwa kwa zaka zambiri ndinkakhala pa benchi la kumbuyo kwawo, ndipo munthu amene umaona msana wake Lamulungu lililonse umafika pomudziwa.

Anabadwa oyamba m'banja la ana ambiri. Mayi awo ankakolopa m'tchalitchi, iwo n'kumawatsatira ndi chidebe. Paja m'mera mpoyamba. Anaphunzira kukolopa chogwada, anaphunziranso kupemphera chogwada, ndipo kagwadidwe kawo sikanali kathu kongogunditsa bondo pansi n'kudzuka. Ankakhalira zidendene, n'kuwerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kukhudza simenti. Bambo awo atamwalira, sukulu anaisiyira panjira kuti athandize kulera ang'ono awo, ndipo azakhali awo anawaphunzitsa kusoka.

Atakula anaika makina awo osokera opalasa ndi phazi pakhonde la sitolo ina ya pafupi ndi msika. Anakwatiwa ndi dalaivala wina wofatsa, amene anamwalira msanga n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anamulera ndi singano mpaka anakhala mphunzitsi. Nsalu za pa guwa zimene mukuziona lerozi ndi ntchito ya manja awo, ndipo mikanjo ya ansembe athu ili ndi zigamba zawo zimene simungazione ngakhale mutayandikira.

Loweruka lililonse m'mawa ankabwera kudzakolopa. Titagula mopu wa mtengo wautali kuti tiwapeputse, anauyang'ana, anauyamikira, n'kuuimika kuseri kwa chitseko kumene unakhala mpaka kuchita nkhungu. Ankati pemphero limayambira m'mawondo, pakamwa pamangotsatira. Mawondo awo anada n'kulimba, moti amayi anzawo ankawaseka kuti munthu angakhwatchitsepo machesi. Iwo ankaseka nawo. Ndinene zoona, popeza sindikulemba za mngelo: ngati mayiwa anali ndi kakunyada, kanali m'mawondomo.

Ukalamba utayandikira anayamba kutsimphina. Tikawafunsa ankanamizira nsapato. Koma tinkaona kuti akagwada, podzuka ankagwira benchi ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo anachita kuwakakamiza kupita kuchipatala, kumene anapeza kuti fupa lolumikiza mwendo ndi chiuno linali litaperepeseka. Anawachita opareshoni, n'kuwaikira chiuno chachitsulo.

Asanatuluke, mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, anawafotokozera bwinobwino. Anakunga nkhonya n'kuilowetsa m'chikhatho cha dzanja lina. Anati nkhonyayo ndi kampira kachitsulo kamene kali kumutu kwa fupa la ntchafu, chikhathocho ndi kambale kamene madokotala akamangirira m'chiuno. Munthu akamayenda kapena akaima, kampirako kamakhala bwino m'malo mwake. Koma bondo likakwera kupitirira chiuno, kapena munthu akawerama kwambiri, akapingasa miyendo, akapotoloka phazi lili pamalo amodzi, kampira kamafika m'mphepete mwa kambale ndipo kangathe kudumphamo. Choncho mpando waufupi ayi, kutola chinthu pansi ayi, ndipo pogona aziika pilo pakati pa mawondo.

Mayi Telala anamvetsera zonse, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti adzagwada liti. Anawauza kuti adikire kaye mnofu ugwire.

Anadikiradi, ndipo malamulo onse anawasunga. Tsiku limene anabwereranso ku Misa anafika ndi ndodo, mwana wawo ali pambali, nkhope ikuwala. Anaima poyenera kuima, anakhala pa mapilo amene anawabweretsera. Koma itafika nthawi yokweza Ukaristia, kabelu katalira, thupi lawo linachita zimene linazolowera kuyambira ubwana. Sanaganize n'komwe. Ndinangoona mpango wawo ukutsika, iwo atakhalira kale zidendene, chipumi chikulunjika pansi. Kenaka ndinamva kubuula kumodzi kokha, kotsekera m'mano. Mwendo unali utapotokera mkati. Tinawanyamula pakati pa Misa, ndipo njira yonse ankangopepesa kuti asokoneza mapemphero.

Madokotala anabwezeretsa kampirako m'malo mwake, koma anati chiuno chikaguluka kamodzi sichichedwa kugulukanso, ndipo mafupa awo anali ofooka moti opareshoni ina sakanaipirira. Kagwadidwe kaja kanathera pomwepo. Mwana wawo anawagwira manja akulira.

"Amayi, ndilonjezeni kuti simudzagwadanso. Ndilibe kholo lina koma inu."

Mayi Telala anati, "Ndalonjeza, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unakwera m'mwamba. Mkamwini wawo, amene ndi kalipentala, anaika njerwa kunsi kwa miyendo ya bedi, anakweza mpando wa kuchimbudzi, n'kusintha makina aja kuti akhale opukusa ndi dzanja pa tebulo lalitali. Singano ikagwa ankaitola ndi maginito womangirira ku ulusi. Akafuna kuona amene wawaitana, ankatembenuka thupi lonse pang'onopang'ono, mapazi ndi mapewa limodzi. Ndipo mopu uja anautulutsa okha kuseri kwa chitseko, anautsuka, n'kuyamba kukolopa choimirira.

Mabenchi athu ndi aafupi, choncho mkamwiniyo anawakhomera mpando wa miyendo itali n'kuuika kumbuyo, pafupi ndi chipilala cha kukhomo. Poyamba anaukana. Anati iwo si bishopu kuti azikhala pamwamba pa anthu onse, ndipo anafunsa ngati chisoti chibwera pambuyo. Tinaseka, iwo anaseka, koma anaukhalira popeza panalibe kuchitira mwina.

Ine ndinasamukira kumbuyo komweko, ndipo zimene ndinkaona zimandipwetekabe mtima. Kabelu kakalira, mpingo wonse unkatsika pansi, iwo okha n'kutsala chiimire. Ankagwira chipilala mwamphamvu mpaka misempha ya m'manja kutuluka, poopa kuti mawondo angawatsogolerenso. Maso awo sankakhala pa guwa ayi. Ankayang'ana malo awo akale, kutsogolo kuja, pamene simenti inasalala chifukwa cha iwo.

Bambo Mfumu anawauza kangapo kuti Mulungu amamva pemphero la woimirira monga amamvera la wogwada. Iwo ankavomera mwaulemu kuti zimenezo akuzidziwa. Koma tsiku lina tikupinda nsalu za pa guwa anandiululira kuti nkhawa yawo siinali yakuti Mulungu samva. Anati kungoti munthu ukamukonda, pali mmene unazolowera kumupatsira moni, ndipo iwo anali ataupukwa moni umenewo.

Mpando uja unabala zipatso zimene iwo sanazifune n'komwe. Panali okalamba ena amene anasiya kubwera ku Misa chifukwa cha manyazi, popeza miyendo sinkawalolanso kugwada. Atamva kuti Mayi Telala, mwini mawondo, akupemphera chiimire, anayamba kubwerera mmodzimmodzi n'kumaima nawo pa chipilala. Iwo ankawalandira ndi nthabwala, ankati afika ku kwaya ya oimirira. Wina akayesa kudzikakamiza kugwada, ankamukoka malaya kuti asiye.

Lonjezo lawo analisunga zaka zonse zotsala. Ngakhale ali okha m'chipinda, chitseko chotseka, sanayesepo.

Chaka chino mtima wawo unayamba kufooka, ndipo anagona. Madzulo ena dzuwa lisanalowe Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Tinalipo ine, mwana wawo ndi mkamwini. Mayi Telala anakweza nsalu pang'ono n'kuloza mawondo awo. Kuda konse kuja kunali kutatha, khungu litafewa ngati la khanda.

"Taonani, Abambo," anatero ndi mawu otsika. "Kodi Ambuye akandizindikira ndi amenewa?"

"Akakuzindikirani, mayi," anayankha Bambo Mfumu. "Aja olimba aja munkawakonda ndinu. Awa ndi amene munawapereka."

Anatseka maso, misozi inayenderera mpaka m'makutu, koma ankamwetulira. Pamene ankalandira Ukaristia tonse tinagwada mozungulira bedi lalitalilo, iwo n'kuika dzanja pa bondo lawo. Kenaka anati akakafika kumwamba, asakawapatse mpando msanga, ali ndi choyamba chokachita.

Anamwalira m'mawa mwake, mwakachetechete, atagona chagada monga anawaphunzitsira kuchipatala.

Mpando wawo ukadali pa chipilala, ndipo kwaya ya oimirira ikukulabe. Chitsanzo chimene atisiyira n'chakuti anatumikira Mulungu ndi chimene ankachikonda, ndipo atalandidwa chimenecho sanaleke kubwera. Ine ndimawasowa kwambiri, makamaka kabelu kakalira.

Ndimalize ndi chimene ndinaona ndi maso anga. Mpweya utatha, mwana wawo anawatseka maso, anawawongola mpango. Atatero anapisa dzanja m'bulangete, n'kusolola pilo uja amene anakhala pakati pa mawondo awo zaka zonsezi. Anamuika pambali, anawerama kufupi ndi khutu lawo, nati:

"Amayi, lonjezo lija ndakumasulani. Pitani mukagwade."