Bodza langa lathandiza amalume

Moni nonse. Ndivomere ndekha, bodza lija ndinayambitsa ndine.

Achemwali amachokera ku Joni lero, kudzera ku Chileka. Amalume amati poti kwathu kuno ku Ntcheu ndi pakati, anyamuka achemwali akaimba foni ali ku Chileka, akawachingamire ku Lilongwe. Chonsecho ndege siitha ndi ola lomwe, pomwe minibasi imadya theka la tsiku.

M'mawa, achemwali asanaimbe n'komwe, ndinathamangira kudimba: "Amalume, achemwali anyamukatu kale ku Chileka." Anataya khasu n'kukwera minibasi ndi jombo zamatope.

Afika pabwalo la ndege achemwali akungotuluka, khanda lili kumsana. Tithokoze Mulungu, akanasowa wowalandira.

Chilango changa ndi kumaliza mizere ya kachewere imene anaisiya, ndipo ndalima ndikuimba. Inu mukuti bwanji, ntchafu ya nkhuku yolandirira achemwali si yanga?